Akasinja Awiri m'Shedi ya Adadi

Fungo la oilo wakale wosakanikirana ndi mphira wotenthedwa ndi dzuwa limandibwezera ku Barking nthawi zonse, kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi, m'kashedi ka matabwa kamene denga lake linali la lona wakuda. M'chilimwe kashediko kankatentha ngati uvuni. Munali benchi imodzi, mashelefu awiri opindika chifukwa cha zitini za misomali ndi mabawuti, ndi kazenera kodzaza ndi ulusi wa akangaude. Kuseri kwa mpanda kunali njanji. Sitima ikamadutsa, mabawuti onse a m'zitini ankanjenjemera pamodzi, kenako n'kukhala chete ngati mpingo umene wamaliza kunena ameni. Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinali mwana mmodzi yekha m'nyumba mwathu.

Adadi anali makaniko wa makatapila ku Malawi, okonza makina olima misewu. Ku London ankagwira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba ku Ilford, kunyamula, kusambitsa ndi kudyetsa anthu amene mphamvu zinawathera. Amami anali namwino, ndipo mashifiti awo ndi a Adadi ankasemphana ngati mabasi a mbali ziwiri za msewu. Lamlungu linali la Mulungu. Chotsala chinali Loweruka masana, ndipo Loweruka masana linali langa. Anthu a mumsewu mwathu ankabweretsa maketulo, njinga ndi mawailesi owonongeka, Adadi n'kumakonza mwaulere, kungofuna kuti manja awo asaiwale chitsulo. Ntchito yanga inali kugwira tochi ndi kuwapatsira masipanala. Ankanditchula "Amayi", popeza dzina langa lakuti Elube linali la mayi awo owabereka, ndipo ankandiyankhula mwaulemu ngati munthu wamkulu. Ndikawapatsa sipanala yolondola asanaitchule, ankagwedeza mutu osayang'ana kumbali, ndipo kugwedeza kumeneko kunkandikwanira sabata yathunthu.

Pa shelefu ya m'mwamba panali chibuku chonenepa chopanda chikuto, chonunkha chinyontho, chimene Adadi anachipeza pa msika wa zinthu zakale. Munali zithunzi za akasinja a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ntchito ikatha tinkapukuta manja n'kuchitsegula, ndipo nthawi zonse chinkatseguka chokha pa tsamba limodzi, pa kasinja wamkulu wa Ajeremani wotchedwa Tiger. Adadi sankakonda nkhondo. Ankandikumbutsa kaye kuti chida chimenechi chinatumikira boma loipa limene linakhetsa mwazi wosalakwa wosawerengeka, ndipo ankachita zimenezi nthawi iliyonse, ngati mmene munthu amasambira m'manja asanadye. Koma akatero, maso awo a umakaniko ankayamba kuwala.

Ankaika chikhatho chawo chopingasa pa benchi kundionetsa kuchindikala kwa chitsulo cha kutsogolo, ndipo ankati zipolopolo za adani zinkangodumphapo ngati matalala pa malata. Mzinga wake unachokera ku mfuti zowombera ndege. Unkaboola kasinja wa adani ali kutali kuposa kilomita, eni ake asanaone n'komwe kumene imfa ikuchokera. Munkakwera amuna asanu, ndipo woyendetsa ankagwira chiwongolero chonga cha galimoto, chofewa moti zala ziwiri zinkakwanira kukhotetsa chilombo chonsecho. Asilikali a mbali inayo ankati akangomva dzina lake, ankagwidwa ndi mantha, ndipo ena ankaona Tiger paliponse, ngakhale pamene panalibe.

Akafika pamenepo Adadi ankausa moyo. "Tsopano tione mtolo wake, Amayi," ankatero.

Mtolo wake unali kulemera. Kasinjayu ankapitirira matani makumi asanu, ndipo milatho yambiri sinkatha kumusenza. Injini ndi giyabokosi zinkagwira ntchito yoposa msinkhu wake, zinkatentha n'kufa panjira. Petulo ankamwa ngati munthu wochokera m'chipululu. Anali wotambalala kuposa ngolo za sitima, moti pofuna kumukweza ankayamba amuvula matcheni ake aakulu oyendera n'kumuveka opyapyala, pofika n'kusinthanso. Koma chimene chinkawapweteka mtima Adadi chinali mawilo. Anali olowanalowana, lina kutsogolo, lina kumbuyo, ngati mbale zoyanikidwa mopanikizana. Omupanga anachita zimenezi kuti kulemera kugawike bwino, ndipo kasinjayo ankayendadi mosagwedezeka. Koma wilo la m'kati likawonongeka, makaniko ankayamba wachotsa angapo a kunja kuti alifikire. Ku Russia matope ankalowa pakati pa mawilowo, n'kuuma ndi chisanu, m'mawa kasinja osasuntha. Akafa panjira pankafunika magalimoto atatu amphamvu kuti amukoke, ndipo nthawi zambiri eni ake ankangomuphulitsa okha kuti adani asamutole.

"Amene anajambula mawilo amenewa sanagonepo pansi pa makina m'matope," Adadi ankatero, akugogoda chithunzicho ndi chala chakuda ndi oilo.

Zonsezi ndinaziloweza pamtima kuposa mavesi a Sande sukulu, Ambuye andikhululukire. Koma mtima wanga unkasunga mbali yoyamba yokha. Za mtolo ndinkazinena ndi pakamwa, monga mwana amanenera pemphero la chakudya maso ali pa mbale.

Fatsani anafika mu Juni. Anali mwana wa bambo aakulu, mkulu wawo wa Adadi, amene anamwalira ku Balaka kumayambiriro kwa chaka. Mayi ake anali atatsogola kale. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, wowonda, wa makutu aakulu, wovala jekete ya munthu wamkulu ngakhale kunkatentha. Ankagona pa matiresi pabalaza, ndipo m'mawa uliwonse ankapinda mabulangete mwaudongo Amami asanamuuze. Chilichonse ankalandira ndi manja awiri. Popereka madzi kwa Adadi ankagwada. Amayi a kutchalitchi ankabwera kudzamuona, n'kumanena kuti ana oleredwa kumudzi ndi ena, uku akundiyang'ana ine ndi diso la m'mbali. Tsiku lina ndinauza mnzanga wa pafupi kuti mnyamatayo anali msuweni wanga wongodutsa. Adadi anandimva ali pakhomo.

"Kwathu mwana wa mbale wako si msuweni, Amayi. Awa ndi achimwene anu."

Katundu wake anali chikwama chimodzi, ndi kajumbo ka zitsekerero za mabotolo a zakumwa kamene ankasunga kunsi kwa pilo. Nditakaona ndinaseka chamumtima. Munthu kukwera ndege ulendo wonsewo atanyamula zinyalala!

Loweruka loyamba anaima pakhomo pa shedi, manja kumbuyo, mpaka Adadi anamuuza kuti alowe. Shediyo inali ya anthu awiri. Atalowa wachitatu, chigongono changa chinkagunda shelefu. Titatsegula chibuku chija, Fatsani anayang'ana chithunzi cha Tiger nthawi yaitali osaphethira, milomo ikuyenda ngati akuwerenga chinachake. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati kunali mahang'ala a waya osagwira ntchito. Adadi anamupatsa asanu, ndi pulayazi yawo ya zogwirira zofiira, imene ine sindinkaloledwa kuigwira chifukwa ankati ingandipane chala.

Pofika Loweruka lotsatira, kasinja wa mawaya anali pa benchi. Anali mafupa okhaokha, moti munthu ukanatha kuona khoma kudzera m'mimba mwake. Mawilo anali zitsekerero zija, zisanu mbali iliyonse, zoboola pakati ndi msomali, ndipo matcheni anali mphira wodula ku chubu cha njinga. Pamwamba panali kamutu kozungulira ndi mzinga wa waya wopota. Kumbuyo kunachokera waya wautali wofika m'chiuno, wokhala ndi chiwongolero kumapeto. Fatsani anamutsitsa pa simenti n'kuyamba kuyenda, ndipo kasinjayo anayenda patsogolo pake, zitsekerero zikulira tcheketcheke. Anakwera njerwa, anatsika, anakhota pa mphika wa maluwa wa Amami.

Adadi anaseka. Kunali kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo, kochokera pansi pamimba, kotha ndi chifuwa ndi misozi. Analanda chiwongolerocho, munthu wamkulu wa imvi m'ndevu, n'kuzungulira bwalo lonse atawerama. Kenako awiriwo anayamba kukamba za ku Balaka, za mmene Adadi ndi mkulu wawo ankabera waya pa mpanda wa sukulu kupangira malole, za chikwapu chimene analandira, za mtengo wa bwemba wa kuseri kwa sitolo. Chichewa chawo chinkathamanga ngati madzi a mvula mu ngalande. Ine ndinkamva mawu alionse, koma lilime langa linali lolemera, ndipo ndinazolowera kuyankha m'Chingerezi. Ndikaponyapo mawu anga, ankagwera pakati pawo ngati mwala m'mbale ya ndiwo. Ndinali nditagwira tochi yoyaka, masana dzuwa likuswa mtengo, popanda choti ndiunikire.

Malemba amatiuza za mbale amene nkhope yake inagwa poona nsembe ya mng'ono wake italandiridwa, ndi za mfumu imene inayamba kuyang'ana mnyamata ndi diso loipa itamva akazi akumuimbira nyimbo. Nkhani zimenezo ndinkazidziwa, ndinali nditazipaka utoto pa mapepala a Sande sukulu. Sindinadzizindikire m'menemo. Ndinkaona ngati ndikungoteteza choonadi.

"Ameneyu si Tiger," ndinatero m'Chingerezi, mokweza. Ndinafotokoza kuti mawilo sanalowane, kuti analibe chitsulo chomuteteza, kuti mzinga unali waufupi, kuti mwala umodzi ukanamumaliza.

"Zoona, Amayi, si Tiger ndendende," anatero Adadi, akupukuta misozi. "Koma taonani mmene akuyendera!"

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kupemphera pemphero limene mpaka lero limandichititsa manyazi. Adadi anali ndi mlongo wawo ku Tottenham, azakhali athu, amene anali ndi chipinda chopanda munthu. Ndinkagwada pambali pa bedi, manja pamodzi, n'kumauza Mulungu kuti Fatsani akuvutika kugona pabalaza, kuti akufunika bedi lakelake, kuti amutsegulire khomo ku Tottenham. Ndinaveka nsanje zovala za chifundo n'kupita nayo pamaso pa Iye amene amayesa mitima.

Ndinachitanso chinthu china. Sukulu itatsekera, ndinaganiza zopanga Tiger weniweni, woti Adadi akamuona adziwe amene anamvetsera maphunziro awo zaka zonsezo. M'kati mwa sabata, Amami akugona pochokera ku shifiti, ndinkadzitsekera mu shedi. Thupi ndinatenga chitini chachikulu cha mabisiketi a Khirisimasi. Kutsogolo ndinamangirirako chitsulo chophwatalala chochokera ku ayironi yakufa, m'mbali ndinaikamo zidutswa za thireyi yakale ya mu uvuni. Mutu unali kapoto kopanda chogwirira, mzinga unali paipi ya mkuwa yotsala pamene anakonza sinki. Pofuna kuti asagwedezeke akagundidwa, ndinathira mabawuti m'chitinimo, dzanja ndi dzanja. Mawilo ananditengera masabata awiri. Ndinapempha zivindikiro za mabotolo a jamu nyumba ndi nyumba mumsewu wathu, ndipo ndinazilowanitsa monga zinalili pa chithunzi, lina kutsogolo, lina kumbuyo, mizere iwiri mbali iliyonse, n'kuziveka matcheni a mphira. Zala zanga zinali mabala okhaokha. Ndinkazibisa pansi pa tebulo pa nthawi ya chakudya.

Fatsani ankandiona pa kazenera. Tsiku lina anagogoda, ngakhale chitseko chinalibe loko, n'kuimirira akuyang'ana ntchito yanga. Anagwira waya umene ndinapisa m'mawilo, n'kuupinda pang'ono ndi chala chimodzi.

"Wayayu ndi wochepa, achemwali. Chinthuchi chalemera, akhota. Ndikupotereni awiri pamodzi?"

Ndinamuyankha m'Chingerezi chothamanga dala, cha ana a ku Barking, chimene ndinkadziwa kuti sangachitole. Anamva kamvekedwe kokha. Anabweza dzanja lake, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Nditamaliza ndinamupaka penti yotuwa yotsala ya mpanda, ndipo Loweruka ndinamuvundukula pamaso pa Adadi. Anayesa kumunyamula ndi dzanja limodzi, n'kuimba kamluzu.

"Mwaikamo chiyani umu, Amayi, njerwa?" Anamutembenuza, n'kuzungulitsa zivindikiro ndi chala. "Koma mawilo mwawakhoza. Ndendende. Vuto lake, kunja kukakhala konyowa..."

Sanamalize. Fatsani anaitana panja kuti mphira wake wathothoka, ndipo Adadi anatula kasinja wanga pa benchi n'kutuluka. Ndinawerenga chamumtima mpaka makumi atatu. Sanabwerere.

Kumapeto kwa Ogasiti mpingo wathu unkapita ku pikiniki ku paki ina ku Ilford. Tinali Amalawi, ena a ku Zimbabwe amene makolo awo anachokera kwathu, ndi mabanja angapo a ku Zambia, ndipo tinkapemphera m'holo ya sukulu yobwereka. Dzulo lake kunagwa mvula yamphamvu. Kasinja wanga ndinamuika m'chikwama cha mawilo chimene Amami ankagulira zinthu ku msika, ndipo pokwera basi Adadi anachita kundithandiza kuchikweza. Fatsani ananyamula wake pa phewa ngati khasu. Ku pakiko kunkanunkha udzu wonyowa ndi utsi wa nyama yowotcha. Amayi anayala zitenje pamwamba pa mapepala apulasitiki, abambo anazungulira mbaula, ndipo wina anayambitsa nyimbo ya chitsitsimutso imene enawo anaiyankha pakamwa pali chimanga.

Nditatulutsa kasinja wanga, anyamata anandizinga. Mayi wina wa ku Harare, mnzawo wa Amami, anaweramira pansi magalasi ali pamphuno.

"Elube, mwana wanga, ichi n'chitofu? Tiikepo poto?"

Anthu anaseka, koma ine ndinauza anyamatawo kuti amugende. Anatola timiyala m'njira n'kuyamba kuponya. Miyala inkalira pa chitsulo cha ayironi n'kudumpha. Wina anamenyetsa mpira, mpira unabwerera, kasinja osasuntha. Kwa kanthawi ndinali mfumukazi. Ndinawauza za mzinga, za kilomita, za asilikali ogwidwa ndi mantha. Kenako anafunsa kuti amuone akuyenda. Ndinakoka ndi manja awiri chingwe chimene ndinamumangirira, ndipo anakwawa pang'onopang'ono pa simenti, akulira ngati geti la dzimbiri. Cha kumunsi kunamveka tcheketcheke, ndipo mitu yonse inatembenuka.

"Iwe, aka ndiye kathamanga!" anakuwa mnyamata wina wa ku Lusaka, ndipo onse anathamangira kumeneko. Ana aang'ono anafola pamzere kudikira kugwira chiwongolero cha Fatsani.

Njira ya simenti imene ndinaimapo inkatsetsereka kulowera ku kadambo ka mabango ndi udzu wautali. Patapita kanthawi Fatsani anaimika kasinja wake kumunsi kwa chitsetserekocho, pakati pa njira, n'kupatuka kukamanga nsapato ya kamwana kena. Ndinayang'ana ku mbaula. Adadi anali atagwira foloko ya nyama, akulozera abambo anzawo kumunsiko, akumwetulira. Ndikanakonda kunena kuti chingwe chinandipulumuka. Sichinapulumuke. Ndinagwada, ndinalunjikitsa mzinga bwinobwino, n'kukankha ndi mphamvu zanga zonse.

Kulemera kumene kunkamuchedwetsa pa malo athyathyathya kunamupatsa liwiro pa chitsetsereko. Mabawuti analira m'mimba mwake ngati bingu. Anagunda kasinja wa mawaya m'nthiti, anamupondereza pansi, anakwera pamwamba pake n'kupitirira. Mphira unaduka, ndipo zitsekerero zinauluka m'mwamba zikung'anima, n'kumwazikira mu udzu ndi m'mabango. Anyamata anakuwa mokondwa ngati chigoli chalowa. Kasinja wanga anatuluka m'njira n'kukaima m'matope, wopanda chilema ngakhale chimodzi kutsogolo kwake.

Fatsani sanayang'ane mawaya opindikawo n'komwe. Anatulutsa kamawu kakang'ono, ngati munthu woponda munga, n'kudzigwetsa mu udzu, manja akufufuza uku ndi uku. Ndinaona Adadi akusiya foloko pa mbaula. Anatsika chitsetserekocho mothamanga, anandidutsa pafupi moti ndinamva fungo la utsi pa malaya awo, ndipo anakagwada m'matope ndi buluku lawo loyera la kutchalitchi. Anayamba kupatula udzu ndi zala, tsinde ndi tsinde. Akapeza chitsekerero ankachipukuta pa malaya n'kuchiika m'dzanja la Fatsani. Ndinamva akuwerenga motsitsa, zinayi, zisanu. Nyama inapserera pa mbaula. Anapeza zisanu ndi ziwiri. Zitatu zinalowa m'madzi akuda a m'mabango.

Ine ndinakaima pambali pa kasinja wanga wopambana, kudikira. Ndinkafuna andikalipire, ngakhale kundimenya pamaso pa mpingo wonse, bola anditembenukire. Sanatembenuke. Ndinagwira chingwe n'kukoka, koma matope anali atalowa pakati pa zivindikiro za jamu n'kuzimata pamodzi. Ndinakoka kachiwiri, tcheni cha mphira chinavuka. Nditasuzumira pansi ndinaona kuti waya wa wilo la m'kati wakhota, monga Fatsani ananenera, ndipo kuti ndiufikire ndinayenera kuchotsa mawilo atatu a kunja, popanda pulayazi. Ndinayesa kumunyamula, anandipulumuka n'kundithira matope pa diresi. Mtsikana wina anafunsa ngati aitane Fatsani adzandithandize. Ndinamuyang'ana mpaka anachoka. Kenako ndinaika phazi pa kapoto kaja n'kukankhira kasinja wanga m'mabango, mpaka madzi anamiza mzinga. Sindinalire. Ndinabwerera ku zitenje mutu uli m'mwamba, chikwama cha Amami chili chopanda kanthu.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi, ndinapeza Amami pa sinki akuchikicha buluku la Adadi ndi sopo wa mtanda. Ndinanena kuti sindinkamvetsa chifukwa chimene anthu ankachitira ngati kwagwa maliro, pamene zitsekerero zili mbwee m'bini iliyonse ya ku London. Amami anatseka mpopi. Sanakweze mawu.

"Zimene zija anatola pa maliro a bambo ake, Elube. Ndi za mabotolo amene anthu anamwa pa siwa. Katundu yense wa m'nyumba achibale anagawana, mpaka mpando. Mwana uja palibe anamupatsa kanthu, ndiye anatola zimene zinali pansi." Anatsegulanso mpopi. "Adadi ako sanathe kupita kukaika mkulu wawo. Zimenezo ukuzidziwa."

Ndinapita pabalaza. Fatsani anali atakhala pa matiresi opinda, kajumbo kali pa bondo. Ndinasonkhanitsa Chichewa changa chonse n'kunena kuti, "Pepani, achimwene." Mawuwo anatuluka okhota.

"Palibe kanthu, achemwali," anatero, maso ali pansi, mwaulemu womwe uja wolandirira zinthu ndi manja awiri.

Mawaya aja akanatha kuwawongola ndi zala pa mphindi zochepa. Sanawawongole. Loweruka lotsatira sanabwere ku shedi, anati akukaonera mpira ku bwalo. Pulayazi yofiira ndinaipeza itabwezedwa pa msomali wake. Adadi sanandidzudzule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangotsegula wailesi ya munthu wina n'kunena kuti, "Tochi, Amayi." Mu Sepitembala malo a sukulu anapezeka kufupi ndi kwa azakhali, ndipo Fatsani anasamukira ku Tottenham ndi chikwama chake chimodzi. Anapeza bedi lakelake, monga ndinapemphera.

Loweruka masana linabwerera kwa ine lonse lathunthu. Chigongono changa sichinkagundanso shelefu. Ndinkapereka sipanala yolondola, Adadi ankagwedeza mutu, masamba ankagwa pa denga la lona, ndipo masiku ankafupika. Koma kuseka kuja sindinakumvenso m'bwalo mwathu. Ndinaphunzira ndili wamng'ono kuti Mulungu akhoza kukulola kulandira chimene waumirira, n'kukusiya ukhale nacho m'manja mpaka uzindikire kakomedwe kake.

Lero Fatsani ndi bambo wa ana atatu, amakonza mabasi kumpoto kwa London, ndipo pa ukwati wanga ndiye anayendetsa zonse monga mlongo wanga. Chisomo chinatilumikiza pang'onopang'ono, m'zaka, osati tsiku limodzi. Za ku paki kuja sitinakambiranepo. Amene ndinakamba nawo ndi Adadi, atapuma ntchito, tsiku lina ndikuwaperekeza ku chipatala pa basi. Ndinawafunsa chifukwa chimene sananditembenukire tsiku lija.

"Ndinakuonani, Amayi," anatero. "Munali chilili, maso ouma, chibwano m'mwamba. Ndinati awa ndi olimba, adikira. Ndinalakwa pamenepo."

Ndili ndi zaka khumi ndinkakhulupirira kuti kholo limagwadira mwana amene limamukonda koposa. Tsopano ndikudziwa kuti limagwada pamene likuona bala, ndipo langa ndinali nditalikuta bwino kwambiri moti ngakhale munthu wondikonda sanalione. Ndili ndi ana awiri aakazi. Akayambana, ndimathamangira amene akulira, pakuti thupi la kholo limatero lokha. Koma ndikamupukuta misozi, ndimadzuka n'kupita kwa winayo, amene waima pakona manja atapinda, maso ouma, ndipo ndimagwadanso pamenepo.